Za Mahedifoni, Aliyense M'tauni Muno Ndi Katswiri

M'tauni muno mulibe munthu wosadziwa za mahedifoni. Funsani za msonkho, ambiri angokweza mapewa. Funsani za mahedifoni abwino omvera nyimbo, ngakhale amene sanagulepo ndi kamodzi komwe akuuzani dzina, mtengo, ndi sitolo yoti musakapondeko. Nkhaniyi yakambidwa kometera, yakambidwa m'minibasi ya ku Area 25, yakambidwa pa bawo ku Ndirande, mpaka pakhonde la tchalitchi a kwaya ataweruka. Tonse tinakanganapo kale. Chatsala n'kuika mawu a uyu pambali pa mawu a uyo, tione olemera ndi ati.

Pamene timagwirizana mpochepa, ndiye tiyambire pomwepo. Tikunena mahedifoni akuluakulu aja odutsa pamutu, omeza khutu lonse m'malo moligonera pamwamba, otsekeka kumbuyo kopanda timabowo. Mtengo wake ukhale woti wolandira malipiro a pamwezi angagule ana osagona ndi njala. Apa mitu yonse imagwedezeka movomera. Kungodutsa apa basi, nkhondo.

Oyamba kukweza mkono ndi anzathu aja amagula bandulo ya usiku n'kumaonera makanema a akatswiri mpaka tambala. Iwowa amati wogula otsekeka wataya ndalama, chifukwa nyimbo yeniyeni imamveka m'mahedifoni otseguka. Amatchula ndi chaka chomwe: akuti Sennheiser ya ku Germany inatulutsa otseguka oyamba, a HD 414, mu 1968, ndipo chiyambire pamenepo odziwa nyimbo sanachewukenso. Chakacho sanama. Zoti otseguka amamveka motakasuka sanamanso. Kasipika kam'katimo kamakankha mpweya kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndiye kumbuyoko kukakhala kotseguka mawu amangotuluka n'kupita kwawo, osagunda pulasitiki n'kubwerera kudzasokoneza anzake. Chimene anzathuwa satchula n'chakuti akatswiri awo amamvera nyimbo m'chipinda cha zii, pomwe ife timamvera m'nyumba ya lendi imene khoma lake tikugawana ndi aneba, kuseri kuli chigayo, kumaso kuli owotcherera mageti, ndipo Loweruka lililonse pali chinkhoswe cha zimkuzamawu penapake. Otseguka amalowetsa zonsezi mwaulemu wake, n'kutulutsanso nyimbo yako kuti nyumba yonse idziwe zimene bambo a madikoni amamvera akakhala okha. Mlandu uwu otsekeka awina, ndipo apilo palibe.

Koma owinawo asavine kwambiri. Alipo olumbira kuti akavala otsekeka samvanso kanthu, ngakhale matalala atagwa padenga la malata. Amenewo chawatseka makutu ndi voliyumu. Chikho cha pulasitiki ndi siponji zimatchinga bwino phokoso la pamwamba, monga kulira kwa mbale ndi macheza a m'chipinda china, koma kugunda kwa injini ya minibasi kapena jenereta ya aneba kumadutsa ndithu. Phokoso la pansi limenelo limagonja kwa mahedifoni aja olembedwa ANC, amene ali ndi timaikolofoni tomvera zakunja n'kupanga mawu otsutsana nazo kuti zifafanizane. Nzeru yake ndi yeniyeni, koma imadya batire ndiponso imadya thumba. Pa otchipa kwambiri, ena akuti ukadina batanilo phokoso limachepadi, ena akuti chimangoyamba ndi kamluzu ka "sssss" kamene kunalibe poyamba. Tamva mbali zonse, ndipo tikuganiza kuti zilembo zitatu pa katoni n'zosavuta kusindikiza.

Chipani cholamula, monga tonse tidziwa, ndi cha bezi. Mayeso ake ndi amodzi: ika amapiano, kweza mpaka kumapeto, ndipo ngati nsagwada sizinjenjemera, bweza katundu. Otsutsa boma ndi ochepa koma amalankhula kwambiri. Ndi a kwaya, ojambula nyimbo m'masitudiyo a kuseri kwa nyumba, ndi madala ena amene anakulira pa magalamafoni. Iwowa akuti mahedifoni abwino sawonjezera kanthu ndipo sachotsa kanthu, amangopereka zimene woimba anaika. A bezi amayankha kuti zimenezo ndi za pamaliro. Otsutsa amati a bezi anawonongedwa ndi Beats, mahedifoni a Dr. Dre ndi Jimmy Iovine aja anatuluka mu 2008 n'kuphunzitsa dziko kuti kugunda ndiye kukoma. A bezi amangokumbutsa kuti Apple inagula kampani imeneyo mu 2014 ndi madola 3 biliyoni, ndiye afunsa kuti wopusa ndani apa.

Woimbira mpira akafuna kunena chilungamo, onse awiri alandira theka. Kampani ya Harman ku America inachita kafukufuku kwa zaka zingapo, motsogozedwa ndi Sean Olive, popatsa anthu mahedifoni osiyanasiyana kuti amvere osawaonetsa dzina kapena mtengo. Zimene anapeza n'zakuti anthu ambiri amakondadi bezi yowonjezerako ndithu, koma yokhala pansi penipeni, yosakwera kudzaphimba mawu a woimba. Mahedifoni a AKG K371 ndi mng'ono wake K361, amene anatuluka mu 2019, anawachuna motsatira zimenezo. Choncho a bezi sanalakwe kufuna bezi. Pamene amaphonya mpakuti bezi ilipo ya mitundu iwiri. Ina imatsika mozama n'kuima pomwe woimba waimitsa chala. Ina imangofufuma pakati, noti iliyonse n'kumamveka chimodzimodzi, woimba n'kumveka ali kutali. Mahedifoni ambiri otchipa amagulitsa yachiwiriyi, chifukwa ndi imene imakopa munthu m'masekondi khumi oyamba pa kauntala. Wofuna kusiyanitsa aike nyimbo ya Alick Macheso. Zala za mkuluyo zikamathamanga pa gitala ya bezi, noti iliyonse iyenera kumveka payokha. Zikangosanduka "buuu" mmodzi wautali, ndiye kuti mwagula phokoso. Kenako ikani Lucius Banda kapena Black Missionaries, mumve ngati mawu a woimba aima kutsogolo kapena amira.

Pali mkangano wina wa m'banja umene tiuthetse lero lomwe. Bambo akuti mahedifoni awo ali ndi bezi yoopsa. Mayi avala omwewo akuti mulibe kanthu, munabetsa ndalama. Palibe wabodza. Bezi ya mahedifoni otsekeka imadalira kuti siponji igwire khungu mozungulira khutu lonse, mpweya usathawe. Pakangotsala kampata, kaya chifukwa cha wigi, madiredi, kapena miyendo ya magalasi a maso, bezi ndiyo imayamba kuthawa. Bambo ometa mpala ndi mayi oluka tsitsi sakumva mahedifoni amodzi, ngakhale risiti ndi imodzi.

Tsopano mayina, pamene anthu amakwiyirana zenizeni. A Sony ndi mpingo wakale. Amati tengani MDR-7506 mukagone, chifukwa anatuluka mu 1991 ndipo mpaka lero akupangidwa osasintha kwenikweni, ali m'mawailesi ndi m'masitudiyo dziko lonse lapansi. Izi n'zoona, ndipo mtengo wake kunjako wakhala ukuzungulira pa madola 100. Otsutsa amati inde, koma anawapangira ntchito: amaonetsa chilema chilichonse cha nyimbo, "s" aliyense wa woimba amabaya, ndipo waya wake wopotanapotana uja ndi wautali, wolemera, wosachotseka, woyenera pa tebulo la situdiyo osati m'thumba la buluku. Izinso n'zoona. Munthu mmodzi amamva "kumveka bwino" pamene mnzake akumva "kulasa makutu", ndipo onse akuloza chinthu chimodzi.

A Audio-Technica ya ku Japan ndiye amakangana okhaokha, osafuna mdani wakunja. Pali M20x wa madola pafupifupi 50, M40x wa pafupifupi 100, ndi M50x wa pafupifupi 150. Eni ake a M40x amalumbira kuti awo ndi amene amanena zoona, ndipo a M50x analipira madola 50 owonjezera kuti agule bezi ndi ulemu. Eni ake a M50x amati nkhani yonseyo inapekedwa ndi anthu amene ndalama zinawaperewera. Eni ake a M20x salowerera, amangomvera nyimbo zawo mwakachetechete, mpaka tsiku limene waya udzaduke, pakuti wawo suchotseka pomwe wa akulu awo awiri aja umazulidwa n'kuikapo wina. Alipo a Sennheiser HD 280 Pro, amene amatamanda mmene amatchingira phokoso, anzawo n'kumati n'chifukwa chakuti amapana mutu mopanda chisoni. Ndiye pali a Beyerdynamic DT 770 Pro, opangidwa ku Heilbronn ku Germany, amene eni ake satha mphindi zisanu osatchula mawu akuti Germany.

Pa DT 770 pomwepa mpamene pagwera anthu ophunzira. Mahedifoniwa amabwera a ma ohm 32, 80 ndi 250. Nzeru ya m'tauni imati nambala yaikulu ndiye katundu wamkulu, ndiye wotumiza m'bale kunja amanenetsa kuti a 250 omwewo, osabwera ndi achibwana. Katundu afika, alumikiza ku foni, akweza voliyumu mpaka kumapeto, nyimbo ikumveka monong'ona. Ena amati anawagulitsa feki, ena amati foni ndi imene yakalamba. Zonsezo ayi. Ma ohm amanena mmene mahedifoni amakanira magetsi, ndipo a 250 anawapangira zipangizo za m'situdiyo zokhala ndi mphamvu yokankha. Foni wamba imamasuka ndi a 32 kapena oyandikira pamenepo. M40x ndi wa 35, M50x wa 38, K371 wa 32, MDR-7506 wa 63, ndipo onsewa foni imawakwanitsa. Wogula a 250 amafunika kugulanso ampulifaya, ndipo nkhani ya kutsika mtengo yathera pomwepo.

Manambala ena a pa katoni nawo ali ndi owakhulupirira. Uyu akuti ake amafika 35,000 Hz, a mnzake amalekera pa 20,000, ndiye mnzakeyo akuphonya nyimbo yambiri. Khutu la munthu limamva kuyambira 20 mpaka 20,000 Hz, ndipo pamenepo tikunena khutu la mwana. Tikamakula za pamwambazo zimayamba kutisiya, moti mkulu wa zaka 50 wonyadira 35,000 akunyadira nyimbo imene akumva ndi mileme. Uyo akuti sipika ya mamilimita 50 imaposa ya 40, pomwe MDR-7506 ndi M40x ali ndi ya 40 ndipo akuchititsa manyazi ambiri a 50 a pamsika. Wina akuti kapini kagolide kamakometsa mawu, pomwe ntchito yake n'kuletsa dzimbiri basi. Ndiye pali mpingo wa maola 100, umene umati mahedifoni atsopano amafunika kuwasiya akulira m'kabati masiku angapo kuti "apse". Oyeza ndi makina amapeza kusintha kochepa kwambiri. Chimene chimazolowera kwenikweni ndi mutu wa mwini wake, komanso siponji ikafewa n'kugwira bwino. Komabe mpingo uwu suvulaza munthu, ungotha mayunitsi a magetsi pang'ono, ndiye tiusiye upemphere.

Amene amanyoza "zachina" amvereko izi ali chikhalire. Makampani ambiri otchuka amapangitsa katundu wawo ku China komweko, ndipo Oraimo, amene ali m'sitolo iliyonse ya mafoni, ndi wa banja limodzi ndi Tecno ndi itel, pansi pa Transsion ya ku Shenzhen. Okangana za JBL ndi AKG nawonso akukangana za ana a bambo mmodzi, chifukwa onsewo ndi a Harman, ndipo Harman inagulidwa ndi Samsung mu 2017. China imapanga zabwino ndi zoipa zomwe, malinga ndi ndalama zimene wooda anapereka. Katundu wa dzina lakelake, ngakhale dzinalo likhale lachilendo, ali ndi ulemu woti ateteze. Woopsa ndi wobwereka dzina la mwini.

Apa ndiye tafika pa msika. Pa tebulo la venda pali Beats, pali JBL, pali Sony, onse pa mtengo wa nkhuku ziwiri, ndipo onse ndi "orijino, bwana, angofika kumene kuchokera ku Dubai." Katoni yowala, zilembo zagolide, mwina ndi chithunzi cha mzungu atatsinzina. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amati feki umaidziwa pa kulemera, ena amati pa fungo la pulasitiki, ena amati uwerenge bwino katoni upeza chilembo chimodzi chasokonekera. Chizindikiro chosavuta ndi ichi: Beats weniweni alibe polowetsa memori khadi ndipo sagwira wailesi ya FM. Mukaona ali ndi zonsezi, amenewo ndi a kwa msuweni wake. Chodabwitsa n'chakuti liliponso gulu limene limadziwa bwino lomwe kuti ndi feki, ndipo likuwafuna pa chifukwa chomwecho. Akuti orijino wanuyo ndi wa ndalama zambiri koma sangakuuzeni zigoli za Bullets ndi Wanderers foni itatha moto. Pa mfundo iyi woimbira mpira wasowa chonena. Tingoti ogula motere akugula wailesi yovala kumutu, ndipo asadzabwere kudzatiuza za kukoma kwa nyimbo.

Nanga waya kapena Bluetooth? Achinyamata akuti waya ndi wa agogo, ndipo amatchula kuti Apple inachotsa bowo la mahedifoni pa iPhone 7 mu 2016, makampani ena n'kutsatira. A waya amayankha kuti mafoni ambiri amene ali m'matumba mwathu akadali nalo bowolo, ndipo mahedifoni awo sanayambe apemphapo chaja magetsi atazima. A Bluetooth amati waya umakola pa chitseko cha minibasi. A waya amati batire likakalamba patatha zaka zingapo, mahedifoni onse akalamba nalo limodzi. Ena amalumbira kuti Bluetooth imafinya nyimbo mpaka kukoma kutha. Kufinya imafinyadi, koma amene angamve kusiyana kwake ali mu depoti ya Limbe masana, ameneyo tim'patse mphoto. Mfundo imene ili ndi mnofu ndi ya masamu. Pa mahedifoni otchipa a Bluetooth, ndalama yanu yagawidwa pa batire, pa kachipangizo kolandira mawu, pa maikolofoni, pa mabatani, mwinanso pa timagetsi tothwanima, ndipo sipika yalandira zotsala. Pa a waya a mtengo womwewo, pafupifupi yonse yapita pa sipika ndi thupi lake. Kwa wofuna kukhala pansi n'kumvera nyimbo, waya ukutsogola. Kwa wofuna kusesa, kuchapa ndi kuyankha foni manja ali m'madzi, Bluetooth ili ndi mlandu womveka. A foni zopanda bowo asataye mtima, kuli kawaya kolumikizira ku USB-C, kungoti muyese kaye pa foni yanuyo, chifukwa si kalikonse kamene kamagwira pa foni iliyonse.

Za waya, onse ogwiritsa ntchito amavomereza chinthu chimodzi monyinyirika: malo oyamba kufa ndi pakhosi pa kapini. Khutu limodzi limayamba kudukiza, munthu n'kumayenda atagwira waya mopinda kuti nyimbo ibwerere. Ngati waya ndi wochotseka, mugula wina nkhani yatha. Ngati si wochotseka, anyamata okonza mafoni pamsika amadula n'kuwotcherera kapini kena pa ndalama yochepa. Amene amataya mahedifoni abwino chifukwa cha waya ndi amene amalemeretsa otola.

Pali mlandu umene mahedifoni amazengedwa mosalakwa. Munthu wagula abwino ndithu, waika nyimbo yake yapamtima, akuti sakumva kusiyana, mwinanso zaipiraipira. Mukafufuza mupeza kuti nyimboyo inajambulidwa pa wailesi ndi foni, kapena inachotsedwa mu kanema n'kufinyidwa kuti isadye bandulo. Ena amati nyimbo imasuluka ikamayenda pa mafoni ambiri. Ayi, kukopera chabe sikuisulutsa, chimaiwononga ndi kuifinya mobwerezabwereza. MP3 ya 128 kbps ndi ya 320 kbps zimasiyana, ndipo mahedifoni abwino amaulula kusiyanako pomwe oipa amabisa zonse pansi pa bezi. N'chifukwa chake ena amabwerera ku feki yawo mosangalala, akuti iyi ndiye imadziwa nyimbo zanga.

Chimene sichilembedwa pa katoni iliyonse ndi mwezi wa October. Okonza mahedifoniwa ambiri amakhala kozizira, ndipo chikopa chabodza chimene amakutira siponji sichidutsa mpweya. Ku Dedza mu June munthu amayamikira, akuti agwiranso ntchito ya chipewa. Ku Nsanje kapena ku Mangochi dzuwa likakwiya, nyimbo zitatu zokha makutu ali nyowe. Thukuta lomwelo ndi limene limadya chikopacho, chiyambe kusenda, munthu n'kumalowa mu ofesi ali ndi tizidutswa takuda m'masaya osadziwa. Izi zimagwera otchipa ndi odula omwe, ndipo a MDR-7506 ndi a M50x asatsutse, tawaona. A DT 770 apa amatukula mapewa, chifukwa a ma ohm 80 ndi 250 amabwera ndi siponji za nsalu yofewa imene sisenda ndipo situkutsa kwambiri. Funso lanzeru pogula n'lakuti masiponji amachotseka kodi, ndipo ena angapezeke? Pa mayina otchuka aja amapezeka. Koma dziwani kuti siponji ikasintha, mawu nawonso amasintha pang'ono, moti wosintha masiponji n'kumati mahedifoni ake alodzedwa asapite kwa sing'anga.

Mitu nayo sinalengedwe mofanana, ngakhale okangana amaiwala. Wa mutu waukulu akuti mahedifoni akutiakuti amafinya mpaka litsipa, wa mutu waung'ono akuti omwewo amagwa akawerama. Wa makutu otambalala akuti "omeza khutu" aja amangomukhalira pamwamba. Kulemera kwake ambiri mwa tatchulawa kuli pakati pa magalamu 200 ndi 300, zimene m'manja n'zopepuka, koma pakatha ola limodzi pamutu paliwombo pamayamba kudandaula. Mphindi ziwiri za m'sitolo sizinena zimenezi. Mahedifoni omveka bwino koma opweteka amathera pa msomali wa kukhoma, ndipo mwini wake amapitiriza kuwatamanda kometera uku akumvera nyimbo pa timahedifoni ta m'makutu tobwera ndi foni.

Mawu akuti "otsika mtengo" nawo avutika. Akatswiri a m'makanema akamati madola 100 ndi ndalama yochepa, ife timayamba tafunsa kuti pa reti iti, ya kubanki kapena inayo. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, zimene kunja amati za oyamba kumene kuno ndi za mabwana. Ndiye aliyense ali ndi njira yake. Ena amatuma m'bale wa ku Johannesburg kapena wa ku Britain, n'kudikira Khirisimasi, katundu n'kufika wa mtundu wina chifukwa m'baleyo "anaona abwino kuposa amenewo." Ena amaoda pa intaneti, mtengo wotumizira ndi msonkho n'kuwakumbutsa kuti Malawi alibe doko. Ena amalumbirira zakaunjika, akuti orijino wogwiritsidwapo ntchito amaposa feki wa m'pepala, ndipo apa tikugwirizana nawo, bola ayese makutu onse awiri, apinde waya pakhosi amve ngati sukudukiza, aonenso mahinji ngati alibe mng'alu. Siponji zakutha zisawaopse, ndi chifukwa chabwino chonenerera mtengo.

Kunja kwa bwalo kuli owonerera amene sakufuna mahedifoni a mtundu uliwonse. Agogo akuti chibwerereni zinthuzi ana saperekanso moni, umawaitana katatu iwo akungogwedeza mutu, osadziwa ngati akuvomera kapena akuvina. Achikondi akuti timahedifoni ta m'makutu tinali bwino, wina kamodzi wina kamodzi, pomwe akuluakuluwa ndi a munthu wodzikonda. Amayi ena akuti amuna awo anagula dala otsekeka kuti asamve za ndalama ya ndiwo. Zimenezi sitingaweruze, zipite kwa ankhoswe. Koma akamati zinthuzi zigonthetsa ana, pamenepo tisaseke. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mawu a ma decibel 80, ndipo mawu akakwera ndi ma decibel atatu okha, nthawi yotetezekayo imadulidwa pakati. Likunenanso kuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lapansi ali pachiopsezo cha kuwonongeka makutu chifukwa cha kamvedwe kotere. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Makutu akamalira okha mutavula mahedifoni, limenelo ndi chenjezo. Apa otsekeka ali ndi ubwino umene ngakhale eni ake sautchula: poti amachepetsa phokoso lakunja, safuna kukweza kwambiri kuti nyimbo imveke. Ubwino womwewo pamsewu umasanduka ngozi, chifukwa wa kabaza akamaimba belu kumbuyo amayesa mukumumva.

Chigamulo chathu nachi, ndipo odandaula akadandaule kometera. Amene thumba lake likufika pa madola 100 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo akufuna kumvera nyimbo osati kujambula, ayambe wayesa K361 kapena K371, kenako M40x. Wokonda mawu akuthwa ndi katundu wopirira atenge MDR-7506. Wa madola 50 asachite manyazi ndi M20x. Amene sakufika pamenepo, ndipo ndife ambiri, agule a waya a dzina lawolawo, okhala ndi siponji zomeza khutu lonse, asiye aja obwereka dzina ndi othwanima magetsi, ndipo bezi ikaperewera aikweze pa equalizer ya m'foni, imene ndi yaulere. Popita kogula tengani foni yanu, nyimbo ziwiri zimene mumazidziwa mpaka popumira woimba, ndi magalasi anu ngati mumavala. Khalani nawo kumutu nyimbo zonse ziwiri zithe, pa voliyumu ya pakati. Wogulitsa akakana kutsegula katoni kuti muyese, bwererani ndi ndalama zanu.